Kwaya Yonse ndi Yoyembekezera

Mtsikana wa chaka choyamba ku yunivesite atabwera ku holide anapeza bambo ake, atelala, akupinda buluku la kasitomala pakhonde la shopu. Nkhani imene anabwera nayo inkamulemera pakamwa, choncho anaganiza zoyambira mbali yokoma.

"Ababa, za ine musadandaule. Ndine woyembekezera."

Makina osokera anaima. Atelala analavulira mapini m'dzanja.

"Wati chiyani?"

"Woyembekezera. Poyamba ndinkachita mantha, koma pano mtima uli m'malo."

"Mtima wakowo. Wakuchita zimenezi ndani?"

"Mkulu wa gulu lathu la mapemphero. Amatiitana Lachitatu lililonse."

"Amakuitanani? Kodi mulipo angati?"

"Kwaya yonse. Anayamba ndi woimba kiyibodi."

"Makolo a mtsikana ameneyo akudziwa?"

"Ndi mnyamata, ababa."

Atelala anavula magalasi, nawapukuta ndi buluku la eni, nawavalanso.

"Mwanawe, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pamenepo pokha ayi."

"Zoona. Aphunzitsi ena anachita kufufuza. Akuti ophunzira opemphera amakhala oyembekezera kuposa osapemphera."

"Ndiye ine n'kumakuuza kuti usamajombe kutchalitchi." Anagwira m'mutu. "Zioneka liti?"

"Mwezi wamawa. Adzazimata pabolodi kuti aliyense aone."

"Pabolodi."

"Eya. Zikakanika ndidzayesanso chaka chamawa. Ena amafika katatu."

"Basi," anatero atelala akumenya patebulo. "Kusukuluko subwererako. Ukhala pompano, uzisokerera mabatani mpaka mwanayo atayamba kuyenda."

"Mwana uti?"

Apa m'pamene mawu ake aja anamubwerera mtsikanayo atavala malaya ena. Analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe. Anayankha akuyang'ana zala zakuphazi.

"Iii, ababa, si zimenezo. Ndikunena zotsatira za mayeso. Ndikuyembekezera kuti ndikhoza."

Atelala anaseka mpaka tepi inagwa m'khosi. Anaseka, kutsokomola, kusekanso.

"Mayeso basi? Aa, ubwererako, ubwererako. Iwe uli ndi mutu, unatengera ine. Unawerenga mokwanira, eti?"

Mtsikanayo anatola batani pansi n'kuyamba kuliona ngati lachilendo.

"Mabuku ndinkawasanjika manja."

"Eya, kenako n'kuwatsegula."

"Mkulu uja anati kutsegula n'kukayika."

"Nanga papepala la mayeso unalembapo chiyani?"

"Dzina langa."

"Basi?"

"Ndi Ameni, pansi pake."

Atelala anaponda makina, nasoka mwendo wa buluku mpaka kuutseka kunsi osazindikira.

"Bola ikanakhala mimba," anatero. "Ija ukaiyembekezera imabweradi ndi kanthu."