Klorini Ndi wa Chipani Chanji?

Chaka chimene matipate anali atangolowa, ana a patauni ina ya m'mapiri a Dowa anayamba kutsegula m'mimba ngati achita kupangana, ndiye a Reinford a zaumoyo, munthu wosadziwa kubwezedwa pakhomo, anakwera mtunda wa kuthanki yamadzi atanyamula kabotolo ndi chitini cha klorini. Pamwambapo anapeza mlonda, a Elifala, atakhala pachitsa, chibonga chili pamiyendo.

"Zikomo, a Elifala. Ndabwera kudzayeza madzi."

"Mwachedwa, achimwene. Ndayeza kale m'mawa."

A Reinford anatula chitini. "Mwayeza? Ndi chiyani?"

"Ndi nsungwi iyo. Afika pamfundo yachiwiri kuchokera kumwamba. Mvula yadzulo yathandiza."

"Sindikunena kuyeza kumeneko ayi. Ndikunena monga amayezera munthu kuchipatala."

A Elifala anacheukira thanki mwachisoni. "Kalanga ine! Akudwala madziwa? Akumva kupweteka pati?"

"Akudwala ndi ana, bambo! Kuwodi kwadzaza, ena agona pansi. Tikuganiza kuti m'madzimu muli tizilombo."

"Mulibe. Achule ndimavuula ndekha."

"Tizilombo tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso."

"Tosaoneka? Nanga inu mwationa bwanji?"

"Sindinatione. N'chifukwa chake ndikufuna nditungeko m'kabotolo aka, apite ku Lilongwe."

"Ku Lilongwe kwauma?" a Elifala anaomba m'manja kamodzi. "Ee, matipate awa! Fodya wathu amapita komweko, chimanga komweko, lero afuna ndi madzi omwe. Ndiye kabotolo kameneka akamwa anthu angati?"

"Sakamwa! Akawaika pamakina."

"Makina amamwa dizilo, achimwene. Musandipusitse."

A Reinford anapukuta thukuta ndi chikhatho. "Chabwino, za botolo zisiyeni kaye. Tsegulani pamwambapo ndithiremo mankhwala."

A Elifala anadzambatuka, chibonga chili kale m'manja. "Mankhwala? Ndiye ndinu! A komiti yamadzi anandichenjezeratu. Akuti kukuyenda anthu othira mankhwala m'madzi kuti pachisankho chikubwerachi tonse tikachonge pamodzimodzi ngati nkhosa."

"Mabodza a pamsika amenewo. Uyu ndi klorini."

"Klorini? Sindinamumvepo. Ndi wa chipani chanji? Anaimira dera liti?"

"Si munthu! Ndi ufa wophera tizilombo."

"Tomwe simunatione tija?"

"Eya, tomweto."

"Chopha chilombo sichileka munthu. Mankhwala a makoswe anapha galu wa apongozi anga, galu wabwinobwino."

A Reinford anamva magazi akuwira m'makutu. Chiyambireni ntchito yawo anali atatseketsa malesitilanti, atagwetsetsa zimbudzi za anthu aukali, ndiye lero abwezedwe ndi mwamuna wa nsungwi?

"Ine sinditsika pano osathira mankhwalawa!"

"Musatsike. Chitsa china icho, khalani."

"Tamverani. Ndikamwa ineyo inu mukuona, mulola?"

A Elifala anakanda pachibwano. "Mukamwa osagwa, tikambirana."

Pansi pa thankiyo panali kampopi. A Reinford anatenga kapu yamalata imene inali pamwala, n'kutungamo madzi, n'kutsinira kaufa pang'ono. Anatakasa ndi kaudzu, ndipo chifukwa cha mkwiyo sanadikire n'komwe kuti mankhwala agwire ntchito. Anagugudiza onse, n'kutembenuza kapu.

"Mwaona? Ndafa?"

"Musafulumire. Galu uja anadya m'mawa, anafa madzulo."

"Iyayi! Nanunso imwani muone." Anatunganso ena n'kuwalozetsa kwa mlonda.

A Elifala anabwerera m'mbuyo, manja kumsana. "Ine? Madzi amenewa? Pepani. Ine ndimabwera ndi anga m'chigubu, a pachitsime cha kwathu. Chigwereni mbuzi ija m'thankimu, sindilawa."

Kapu inagwa pansi, ngwe!

"Mbuzi?"

"Inalumphira pamwamba kuchokera kumtundaku. Lata lovundikira lija n'lodyeka ndi dzimbiri, ndiye inangoboola n'kulowa. Sabata yatha."

"Ikadali momwemo?"

"Ipita kuti? Kusambira inayesa, sizinayende. Ndikamayeza madzi ndimachita kuilambalala ndi nsungwi."

A Reinford anawerama n'kulavula, kulavulanso, mpaka misozi. "Nanga bwanji simunaivuule? Mwati achule mumavuula!"

"Chule alibe mwini, achimwene. Mbuzi ili ndi mwini. Ndiigwire ine, mawa anditche wakuba?"

"Osakanena?"

"Ndinanena kwa a komiti. Akuti nkhaniyi aikambirana akasankha wapampando watsopano, chifukwa wakale anali wa nthawi ya chipani chimodzi ija."

"Ndiye tauni yonse ikumwa msuzi wa mbuzi podikira chisankho?"

"Msuzi ayi. Sinaphikidwe."

A Reinford anathamangira pa paipi yotsikira kumsika n'kupotokola chotsekera ndi manja onse awiri mpaka chinalira. Anabwerera akupuma ngati mvukuto.

"Mwini wa mbuzi imeneyi akagona kupolisi lero lomwe! Anthu osasamala! Kulekerera ziweto zizingoyenda paliponse, ana a anzawo n'kumavutika m'chipatala. Ndimutengera ndekha, ndimugwira pakolala mpaka kuboma. Ndani?"

"Sindikumudziwa. Kwerani musuzumire, mwina inu oyendayenda m'makomo muizindikira."

Anakwera onse awiri. A Elifala anatukula lata, a Reinford anatseka mphuno n'kusuzumira. Mbuzi inali kuyandama pakona, itatupa ngati thumba la feteleza: yakuda, mwendo umodzi woyera, m'khosi muli kachingwe kabuluu.

A Reinford anaiyang'anitsitsa mbuziyo. Kachingweko anamanga ndi akazi awo. Sabata yonseyo iwo anali asakuyankhulana ndi a Enoki oyandikana nawo nyumba, atawanena pagulu kuti anadya mbuzi ya eni usiku.

"Mwangoti zii bwanji? Mukuidziwa?"

"Ndi yanga," anatero a Reinford, mawu akuchokera kutali.

"Mwati?"

"Ndati ndi yanga!"

A Elifala anaika chibonga pansi, nkhope yonse ikuwala. "Aa, zayenda bwino! Mwini wafika yekha. Vulani nsapato, achimwene, mulowe mukaitenge. Kupolisiko ndikuperekezani mukatuluka."