Miyezi isanu osamunyamula Tadala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga izi, kaya mwadzuka bwino kaya muli pamphasa. Ine ndine Esinala, ndimakhala m'munsi mwa phiri la Zomba, ndipo ndimagulitsa mabulosi, mapichesi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Ndikufuna ndikuuzeni za nthenda ya pakhungu imene inandichititsa kukhala miyezi isanu osamunyamula mwana wanga Tadala, ali ndi zaka ziwiri zokha. Ena mukamva dzina la nthendayo museka, koma ine pa nthawiyo sindinkaseka ayi.

Kuti mumvetse mantha anga, ndiyambe ndi amalume. Ndili mtsikana, amalume anga a Likoswe anadwala khate. Linayamba ngati zigamba zotuwa pamkono, kenako zala zinayamba kufupika. Abale anawamangira kanyumba kuseri kwa khola la mbuzi, n'kutenga ana awo awiri kukawasiya kwa achibale ku Chingale. Tsiku limene anawo ankachoka ndinalipo. Amalume anaima pakhomo pa kanyumba kaja manja atabisa kumbuyo, chifukwa anali atawaletsa kukhudza ana. Kwathu ankati khate limayenda m'magazi, likadumpha mmodzi limakagwira wina. Ndinakula ndikudziyang'ana m'manja.

Chaka chimene Tadala anasiya kuyamwa, ndinaona kachigamba kozungulira pamwamba pa dzanja langa lamanja. M'mbali mwake munali motupa, pakati pake potuwa, ndipo kankayabwa. Ndinadziuza kuti ndi chipere basi, chomwe chija amakhala nacho ana asukulu. Ndinapakapo utomoni wa papaya, panapsa n'kusupuka, koma kachigambako kanangokula. Mnzanga wina anandilozera bambo wogulitsa mankhwala pamsika, ndipo bamboyo anandipatsa kachubu kopanda pepala la dokotala, ka mtundu umene amapaka azimayi ofuna kuyera. Masiku atatu okha kuyabwa kunatheratu, ine n'kuyamba kuyimba nyimbo zoyamika. Patatha milungu itatu zigamba zinali zitakwera mkono wonse, zina pakhosi, zina pachifuwa, ndipo khungu linatuwa kuti mbuu. M'mawa wina ndinadziyang'ana pagalasi, ndipo mkono umene ndinaona unali wa amalume.

Kuchipatala sindinapite. Ndinkaopa kuti akangolemba m'buku langa kuti khate, nkhani ifika kumudzi ine ndisanafike, ndipo Tadala andilanda. Choncho ndinaganiza zomuteteza ndekha mwakachetechete. Ndinayamba kuvala juzi ya manja aatali ndi mpango m'khosi, ndipo poti kuphiri kumazizira, palibe amene anadabwa. Ndinasiya kumubereka kumbuyo, ndinasiya kumusambitsa, ngakhale kudya naye mbale imodzi. Ndinapempha mng'ono wanga Lute, amene nyumba yake yayandikana ndi yathu, kuti azimusamala, n'kumunamiza kuti msana ukundipweteka. Amuna anga amacheka matabwa m'nkhalango ya paini ndipo amabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Nawonso ndinawanamiza za msana womwewo.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi mmene ndinkamukankhira mwanayo. Ndikafika kuchokera kumsewu ankandithamangira manja atatambasula, ine n'kumutchinga ndi dengu, n'kumukalipira kuti, “Choka, pita kwa mayi ako aang'ono.” Ankalira mpaka kugubuduzika pansi, ine n'kulowa m'nyumba n'kuluma chitenje kuti asandimve ndikulira. Mwezi woyamba ankalira tsiku lililonse. Wachiwiri ankangondiyang'ana. Pofika wachitatu, akandiona ndikubwera ankabisala kumbuyo kwa Lute.

Kutchalitchi ndinkakhala benchi yomaliza, ndipo ikafika nthawi yopatsana moni wa dzanja ndinkanamizira kumanga mpango. Kupemphera kwenikweni ndinkapempherera m'nkhalango pothyola mabulosi, ndipo sindikubisirani, masiku ena kunali kukangana ndi Mulungu. Ndinkamufunsa kuti mwa anthu onse a m'banja lathu, bwanji wasankha ine amene ndili ndi mwana wamng'ono. Tsiku lina ndinagwada pamasamba a paini n'kunena kuti, Ambuye, ine pakamwa pandikanika, nditumizireni munthu amene aone yekha.

Yankho linabwera kuchokera kumene sindinkaganizirako. Kutauni kuli sitolo ya nsalu ya banja lina la amwenye, Asilamu, kumene ndinkakapereka zipatso mlungu uliwonse. Mayi wa pasitolopo, a Zubeda, ndi munthu wachikulire, wolankhula Chinyanja ngati ife, ndipo akafuna kufunsa chinthu sazungulira. Tsiku limenelo munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine ndili m'juzi thukuta lili kamukamu. Potula dengu, mkono wa juzi unakwera. Ndinathamangira kuutsitsa koma anali ataona kale, ndipo anandigwira dzanja. Miyezi yonseyo panalibe munthu amene anandikhudzapo, moti ndinalikoka ndi mphamvu.

“Musandigwire adona, ndi khate,” ndinatero. Kanali koyamba kulitchula dzinalo ndi pakamwa panga.

“Wakuuzani ndani? Dokotala?” anafunsa a Zubeda.

“Ayi. Amalume anga anali nalo.”

“Amalume anu si inu. Dengulo siyani pompano, tiyeni.”

Anasiya amuna awo m'sitolo n'kuyenda nane wapansi mpaka kuchipatala, atandigwira dzanja lomwe lija anthu onse akuona. Ndikanakhala ndekha ndikanabwerera pageti.

Adokotala anali bambo wofatsa. Anayang'ana zigamba zonse, n'kundifunsa ngati zimayabwa komanso zimene ndinapakapo. Kenako anatenga kathonje n'kundiuza kuti nditsinzine, ndipo ndikamva kuti andikhudza ndiloze pamalopo. Anafotokoza kuti chigamba cha khate nthawi zambiri chimachita dzanzi, sichimva kanthu. Ndinatsinzina ndikudziuza kuti ndikapanda kumva, Tadala wapita. Kwa kanthawi sindinamve chilichonse. Kenako kanthu kofewa kanandikhudza pamwamba pa dzanja. Ndinaloza. Pachigongono, ndinaloza. Pakhosi, ndinaloza. Anapalanso khungu pang'ono kuti akaliyeze, ndipo zotsatira zitabwera anati, “Mayi, ichi ndi chipere. Chakula chonchi chifukwa cha mankhwala a pamsika aja. Amaziziritsa kuyabwa, koma chiperecho amachinenepetsa.”

Ndinangokhala pansi pasimenti. Adokotala anawonjezera kuti ngakhale likanakhala khate, masiku ano limachizika, ndipo palibe amene amalanda munthu ana ake. Pamenepo ndinalira kawiri, kulirira ine ndi kulirira amalume amene anamwalira osawakumbatiranso ana awo.

Anandilembera mankhwala opaka a m'kachubu, amene amaperekedwa ukaonetsa pepala la dokotala. Anati ndizisamba, kupukuta khungu mpaka liume, n'kupaka pang'ono m'mawa ndi madzulo, kupitirira m'mbali mwa chigamba chilichonse. Zovala ndi zofunda ndizichapa n'kuyanika padzuwa, thaulo langa likhale la ine ndekha. Anabwereza kawiri kuti zikaoneka ngati zatha ndisasiye, ndipitirize milungu ina iwiri.

Apa ndi pamene ndinapusa. Mukudziwa mmene timakhalira ife: mnzako akakhala ndi mankhwala ogwira ntchito, umamupempha ngati mchere, ndipo kumana ndi chinthu chochititsa manyazi. Patangotha mlungu umodzi zigamba zinayamba kufota, ndipo ine pakamwa posasunga kanthu, ndinauza anzanga onse a pamsewu. Mawa lake wina anabwera ndi chitsekerero cha botolo choti ndimufinyiremo, akuti mwana wake ali ndi chipere m'mutu. Wina anali ndi zilonda m'mipata ya zala za kumiyendo. Wina sankadwala n'komwe, ankangofuna kusunga. Ndinafinyira aliyense, ndikudziona ngati ndikugwira ntchito ya Ambuye. Masiku khumi asanakwane kachubu kanali kataphwa, moti ndinakang'amba ndi lezala n'kukombeza ndi chala. Ndinati palibe kanthu, ndachira kale.

Patapita milungu iwiri chigamba chofiira chinatulukanso pakhosi, china pamkono. Mantha onse anabwerera ngati sanachokepo. Ndinaganiza kuti adokotala analakwitsa, kuti mwina kathonje kaja ndinakamva chifukwa chofunitsitsa kukamva. Ndinatola nthenga ya nkhuku n'kumadzikhudza ndekha nditatsinzina, koma munthu sungadziyeze wekha, dzanja lako limadziwa kumene likupita. Masiku atatu ndinakhala osadya bwino, ndipo ndinatsala pang'ono kuvalanso juzi. Chimene chinandiletsa ndi pemphero langa lomwe. Ndinadzifunsa kuti Mulungu wanditumizira kale munthu, ndiye ndikabisanso ndikamupempha chiyani?

Ndinabwerera kuchipatala ndekha, ndipo nditaulula za zitsekerero zija adokotala anagwira kumutu. Anandikalipira, ndipo ndinayeneradi kukalipiridwa. Anati chipere sichinabwere chatsopano, ndi chomwe chija chimene ndinachisiya chisanafe. Anatinso cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha, ndiye mwana wa mnzanga uja sindinamuthandize chilichonse. Anandipatsa kachubu kena pamodzi ndi mapiritsi, ndipo ulendo uno ndinamaliza monga anandiuzira. Obwera ndi zitsekerero ndinkawauza kuti tiyeni ndikuperekezeni kuchipatala. Ena anandinena kuti ndayamba kuumira, koma awiri ndinawaperekezadi.

Khungu linachira, koma Tadala sanabwerere msanga. Adokotala anali atandiuza kuyambira tsiku loyamba kuti ndingathe kumunyamula, bola ndaphimba zigamba ndi kusamba m'manja. Koma ndikatambasula manja, iye ankabwerera m'mbuyo. Mwanayo ankamutcha Lute amama, ine osanditcha chilichonse. Ndinaulula zonse kwa Lute ndi kwa amuna anga. Amuna anga anangoti, “Mukanandiuza, amake Tadala.” Ndinasiya kumukakamiza mwanayo. Ndinkangokhala pafupi pamene akusewera, ndikuopa kuti mwina umu ndi mmene zikhalire mpaka kalekale.

M'mawa wina mu Disembala, mvula itangokata, Tadala ankathamangitsa nkhuku pabwalo ndipo anaterereka n'kudzipweteka bondo. Lute anali naye pafupi kuposa ine, atatambasula kale manja. Mwanayo anadzuka akulira, anayang'ana Lute, anayang'ana ine, kenako anamudutsa Lute n'kudzadziponya pachifuwa panga matope ali thupi lonse. Ndinafuna kumunyamula ndi dzanja limodzi monga ndinkachitira kale, koma ndinalephera. Anali atalemera, abale anga, anakula ine ndili pomwepo koma osadziwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wamantha, n'kuliyankha kudzera mwa mayi wa chipembedzo china ndi dokotala woleza mtima. Inu amene mukubisa nthenda chifukwa choopa dzina lake, musadziweruze nokha. Pempherani, pitani akakuoneni, ndipo mankhwala amene akulemberani mumalize, ndi anu. Limbani mtima, Ambuye sanakuiwaleni. Ine miyezi isanu ija sindidzaipezanso, koma mwana wanga anabwerera m'manja mwanga. Ameni.