Likhweru la Alamu

Mayi wina wopanga magemu a pafoni, yemwe apabanja ankangomutchula kuti Namabatani, anali atagwira tsaya patsogolo pa kompyuta yake. Gemu yake ya mbuzi yodumpha zidebe inali itachotsedwa kachiwiri patsamba la pa intaneti, chifukwa wina ankadandaula kuti likhweru lomwe limamveka mbuziyo ikadumpha ndi lake. Apo ndi pomwe analowa alamu ake, achimwene a mwamuna wake, omwe anagwira ulonda zaka makumi awiri, foni yozima ili m'manja.

"Odi, mlamu! Bwanji nkhope ngati mwaluma ndimu?"

"Atsitsa gemu yanga, alamu."

"Zabwinotu zimenezo! Si munkafuna kuti anthu aziitsitsa m'mafoni mwawo?"

"Osati kutsitsa kumeneko. Aitsitsa eni tsamba."

"Nawonso aikonda? Ee, mwatchuka!"

"Aichotsa! Kulibe!" Namabatani anamenya tebulo, kapu ya tiyi n'kudumpha. "Madandaulo akwana awiri. Likangobwera lachitatu anditsekera akaunti, magemu anga onse anayi apita. Zaka zitatu ndikuwerama pampando uno!"

"Pepani," anatero alamuwo, akuvula chipewa.

"Dzina la wodandaulayo sindinaliwerenge n'komwe, ndingadetse maso. Likhwerulo ndinalijambula ndekha muno, likutuluka pakamwa panu. Sindilichotsa, ngakhale abwere ndi maloya khumi!"

"Musalichotse. Ndi likhweru labwino kwambiri." Anakhala pansi mwaulemu. "Ndingatchajeko foni? Muli kalata yofunika. Ndinadina kale potumiza, koma moto unatha. Ikangoyaka, kalatayo ipita yokha."

Namabatani anailumikiza yekha kumagetsi. "Kalata yanji?"

"Dandaulo. Nanenso ndili pa mlandu ngati wanuwu. Pali gemu ina ikugwiritsa ntchito likhweru langa."

"Ati chiyani? Atibera?"

"Ndadandaula kawiri. Eni tsamba akaichotsa, mwini wake akuibwezeretsa. Munthu wosamva ameneyo."

"Musamusiye, alamu! Anthu otero safunika chisoni. Tumizani lachitatu, amutsekere, akagulitse tomato!"

"Ndi zomwe ndabwerera."

"Gemu yake ndi yotani?"

"Ya mbuzi."

"Mpaka mbuzi anatibera? Alibe manyazi!"

"Yodumpha zidebe. Ikagunda chidebe imagwa chagada."

"Ndendende yanga! Mwini wake mukumudziwa?"

"Kwambiri. Ndinu."

Namabatani anatembenuka pang'onopang'ono, natsegula makalata awiri a madandaulo aja. Pamwamba pa onse panali dzina la alamu ake, lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu.

"Ndinadabwa kuti simukuyankha," anatero alamuwo. "Ndinati kapena mwatanganidwa."

"Alamu! Ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Tsiku lojambula lija munati, 'Ndakulembetsani kuti likhweruli ndi lanu. Mukalimva kwa wina aliyense pa intaneti, dandaulani msanga.' Ndinalimva. Ndinadandaula msanga."

"Ndinkanena anthu ena!"

"Munati aliyense."

"Kupatula ine!"

"Mawu amenewo sanatuluke. Ine, mlamu, ndikauzidwa kuti aliyense, ndi aliyense. Ndinatsekerapo panja mwini kampani, mvula ikukhuthuka, chifukwa anaiwala chiphaso. M'mawa mwake anandiyamikira."

"Anakuyamikirani?"

"Anati ndagwira ntchito kokwanira, ndikapume. Mpaka lero ndikupuma."

Foni ija inanjenjemera, n'kuyamba kuwala. Namabatani analumpha kuti aizule, koma alamuwo anali ataima kale patsogolo pake, manja atatambasula ngati chipata.

"Katundu wa mwini sakhudzidwa."

"Magetsiwo ndi anga!"

"Magetsi anu, foni yanga. Mwaona? Nkhani za umwini n'zovuta."

"Fufutani kalatayo, alamu, ndapota nanu!"

"Sindingathe. Fomu yawo imafunsa kuti, 'Kodi munthuyo anapempha chilolezo?' Inu munapempha?"

"Ndipemphe likhweru lomwe ndinajambula ndekha? Nditakuphikirani tiyi wamkaka, shuga masipuni anayi?"

"Anali tiyi wabwino. Koma tiyi si chilolezo."

"Sindipempha! M'nyumba mwanga muno? Kompyuta yanga, mbuzi yanga, zidebe zanga!"

"Likhweru langa," anawonjezera alamuwo modekha, akusuzumira pafoni. "Taonani, yayamba kufuna netiweki. Kandodo kamodzi kaoneka."

"Ndikauza achimwene anu!"

"Iwo ndiwo anandiphunzitsa podina. Tindodo tiwiri."

Namabatani anayang'ana kompyuta, nakumbukira zaka zitatu za msana wowawa. Kenako anapinda mawondo pang'ono, manja pamodzi, mawu akutulukira m'mano.

"Alamu, ndikupempha likhweru lanu."

"Kuti mutani nalo?"

"Kuti mbuzi izidumphira zidebe!"

"Aa, zomwezo? Tengani! Kankhani kakang'ono ngati kameneka, bwanji osanena kalekale?"

Alamuwo anavala magalasi, nafufuta kalata ija ndi chala chimodzi, netiweki isanakwane. Atatero analembera eni tsamba kuti akubweza madandaulo awiri aja, chifukwa wakubayo walapa ndipo ndi wachibale. Namabatani anafuna kutsutsa mawu akuti wakuba, koma anaona kuti lero si tsiku lake.

Anadziponya pampando, napumira m'mwamba. Mtima utakhala m'malo, milomo inangosongoka yokha, n'kuyamba kuimba likhweru lija, lonse mpaka pomwe mbuzi imatera.

Alamuwo, omwe anali atafika kale pakhomo, anaima. Anabwerera, navalanso magalasi, natola foni.

"Mlamu," anatero, "chilolezo chija n'cha mbuzi. Inuyo mwapempha kwa yani?"