Zotsala za Galu

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1941 m'mudzi mwathu muno, kubanja la a Qiao. Nonse munkawadziwa kuti a Gousheng, kutanthauza zotsala za galu. Achinyamata musaseke. Achimwene awo atatu anamwalira asanamere mano, aliyense atangopatsidwa dzina lokongola. Mayi awo anati mizimu ikamva dzina labwino imadzatenga mwana, koma ndani angatole zomwe galu wasiya? Dzina lenileni analinong'ona kamodzi paguwa la makolo, n'kulibisa.

Mu 1949 anayamba sukulu. Tsiku lomwe aphunzitsi anaitana dzina lobisika lija, malemu analiyatsa liwiro osabwereranso, ndipo anakaphunzira ukalipentala kwa amalume awo. Mu 1964 anakwatira mayi Du Guifen, omwe zaka zonsezi aitana amuna awo ndi dzina la galu, mtima ukuwawa. Mabokosi ambiri a maliro kuno anakhoma ndi iwo, koma kulembapo dzina la munthu ankakana.

Mu Novembala chaka chatha anayamba kutsokomola, ndipo pa 6 Januwale tinapita nawo kuchipatala cha m'tauni. Namwino, mwana wa eni wosadziwa kanthu, anaima pakhomo n'kufuula dzina lenileni lija, la pachiphaso, anthu onse akumva. Ine ndinali pomwepo. Adokotala anati chifuwacho n'chochizika. Malemu anangopukusa mutu, nati, "Basi, andipeza." Pa 9 Januwale anatisiya.

Asiya mkazi, ana awiri, adzukulu asanu ndi mdzukulutuvi wamwamuna wa miyezi iwiri. Khandali makolo ake analipatsa dzina lokongola zedi, ndipo chiyambire dzulo thupi likutentha. Mayi Du apempha kuti wodziwa dzinalo asalitchule pano, chonde. Kuyambira lero mwanayo ndi Gousheng.

Tikuthokoza okumba manda, amayi omwe asoka zovala zoyera za malirozi, ndi ophunzira a malemu omwe akhoma bokosi.

Tsopano ndiyenera kutchula dzina lija, poti makolo kumene akupitako sangawalandire ndi la galu. Yong ndiye muyaya, nian ndiye zaka. Amayi a khanda, mutsekeni makutu mwanayo.

A Qiao Yongnian, palibenso wokusakani. Mzimu wanu uuse mumtendere, ndipo mukafika muiuze mizimu ija kuti kuno kwangotsala zotsala za galu.