Anatsika Njinga pa Masamba a Maliro

Ine, Teodoro Chiwaula, wa zaka 57, wa ku Massangulo m'boma la Ngauma, mlimi wa fodya ndi nyemba, ndabwera ndekha pano pa polisi ya Mandimba, palibe wandiitana. Ndabwerera Jackson Sadiki, mnyamata wa ku Cuamba amene mwamutsekera kuyambira Loweruka pa mlandu woti anagunda dala alamu anga a Hilário Ndala pa mpikisano wa njinga, n'kuwapha. Ine ndinalipo. Ndinali kumanzere kwa alamuwo, pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanawagwira phewa. Jackson si mbale wanga. Ndinayamba kumuona tsiku lomwelo.

A Hilário anakwatira mlongo wanga Ivone. Tinakulira limodzi pa misheni, ndipo tili anyamata tinkachita nawo mipikisano ya njinga ya mtunda wautali, makamaka wochokera ku Cuamba kudzathera kuno ku Mandimba. Masiku amenewo msewu unali wa fumbi, njinga zake zomwe zija zonyamulira makala, tinkangochotsa chitsulo cha katundu kumbuyo. Tinasiya pafupifupi zaka makumi awiri zapitazo. Iwo bondo linawavuta, ine ana anachuluka.

Chaka chino tinamva pa wailesi kuti pa mpikisano wa Cuamba aikapo gulu la achikulire. Anayambitsa ndi alamu. Anandipeza ndikusankha fodya nati, "Mlamu, mimba iyi waisunga mokwanira, tiye tikaitaye ku Cuamba." Ine ndinawauza kuti bondo lawo lija tikalitola m'njira, pa Mississi. Titagulitsa fodya tinaoloka malire kukagula njinga ku Chiponde, zakale koma zopepuka, za matayala opyapyala. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tinkapalasa kuchoka ku Massangulo kufika ku Mandimba n'kubwerera. Okonza mpikisano anati wopanda chisoti sakwera, ndiye Ivone anawagulira amuna ake chisoti chofiira. Ine ndinabwereka cha mnzanga wa mota, njinga yamoto ija.

Pali chinthu chimodzi chimene mulembe bwino, shefi, bwana wanga, chifukwa popanda chimenechi zotsalazo sizimveka. Inu mukudziwa kuti pamudzi pakagwa maliro amaika masamba pamsewu, uku ndi uku, ndipo wapanjinga amatsika, kuvula chipewa, n'kukankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Pa mipikisano yathu yakale tinkatero ndithu. Ngakhale uli patsogolo, ukaona masamba umatsika, obwera m'mbuyo nawonso amatsika, palibe wodutsa mnzake. Mukapitirira masamba achiwiri, amene anayamba kutsika ndi amene amayamba kukwera. Palibe anatilembera lamulo limeneli, ndipo sindikumbuka munthu amene analiswa. Pa fumbi njinga sinkathamanga kwambiri, ndiponso tinkayenda motalikirana chifukwa cha fumbi lomwelo.

Tinafika ku Cuamba Lachisanu pa minibasi, shapa zathu zija, ine, alamu ndi Ivone, njinga zili pamwamba. Loweruka m'mawa kusanayere bwino tinasonkhana pafupi ndi siteshoni ya sitima. Bambo wina wa okonza mpikisano anawerenga malamulo m'Chipwitikizi: za chisoti, za madzi, zoti osagwira galimoto kuti ikukoke. Za maliro sanatchule. Ine sindinafunse, alamu sanafunse. Munthu safunsa ngati n'koyenera kutsika pa maliro.

Anatiuza kuti achikulire tiyambe ndife, anyamata anyamuke dzuwa litatuluka. Tikuimika njinga pa mzere, anyamatawo anatizungulira n'kumatiseka. Jackson ndi amene anayandikira alamu, nagwira tayala lawo, nati, "Agogo, mukamva tikubwera mupatuke, tingakupondeni." Mawu amenewa ananenadi, ndinawamva, Ivone anawamva. Ananena akuseka. Alamu anamuyankha kuti, "Iwe mwana, ine ndinkapalasa msewu uno bambo ako asanamere ndevu. Ukandipeza ndikugulira sobo." Atatero anapatsana moni wa m'manja, ndipo Jackson anawamangira bwino lamba wa chisoti chifukwa anali atamanga mopotoka. Zimenezi zilembedwenso. Ivone anakakwera shapa kuti akatidikire pothera mpikisano kuno ku Mandimba.

Achikulire tinalipo osakwana khumi. Ena anatsalira m'njira, awiri anatisiya. Ine ndi alamu tinkayenda limodzi, ine kumphepete, iwo kumanja kwanga chapakati pa msewu, monga tinazolowerera kale. Phula linatidabwitsa. Alamu ankangoti, "Epa, mlamu, njinga ikuyenda yokha." Pa Mississi anandikumbutsa kuti bondo lidakalipo.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, titadutsa Mississi ndi mtunda ndithu, mota yotsogolera anyamata inatipitirira ikuliza hutala. Wapamotayo anatikodola ndi dzanja kuti tisendere. Ndinauza alamu kuti ana aja afika. Iwo anati, "Aleke abwere, msewu ndi waukulu." Anasendera pang'ono koma sanabwere kumbuyo kwanga. Kumanja kwawo kunali malo okwanira kamyau, lole yonse, ndipo anyamatawo akanadutsa bwinobwino.

Pamenepo msewu umatsika, n'kukhotera kumanzere. Titangokhota, tinaona masamba a mango ataikidwa pamsewu, ndipo cha kumunsi kwake anthu atakhala pabwalo, amayi akuimba. Mota ija inali itadutsa pa masambawo osaima.

Alamu anagwira buleki ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likumasula lamba wa chisoti. Anavula chisoticho, naponya mwendo kuti atsike. Njinga zopepukazi sizili ngati zathu zakale. Yawo inagwedezeka, inapingasa, iwo n'kupezeka aima pakati pa msewu, phazi limodzi pansi, chisoti chili m'manja. Inenso ndinagwira mabuleki, inenso dzanja langa linali pa lamba. Kusiyana kwake n'koti ine ndinali kumphepete.

Anyamatawo anatulukira pokhota paja ali gulu limodzi, tayala pa tayala, mitu ili pansi. Ife kale sitinkayenda choncho. Jackson anali patsogolo. Anali atapatukira kale kumanja kuti atidutse, ndipo alamu anagwera m'njira yake yomweyo. Ndinamumva akukuwa kuti, "Agogo! Agogo!" Ndinamva matayala akulira pa phula. Pakati pa iye ndi alamu panali ngati kuchoka pa tebulo lanuli kufika pa chitseko. Anawagunda m'nthiti ndi phewa. Alamu anagwa chagada, mutu unamenya phula. Jackson anauluka n'kugwera kutsogolo. Anyamata ena atatu anagwera pa iwo, otsalawo anazemba n'kupitirira.

Mwandifunsa ngati Jackson akanatha kuwazemba. Ine ndapalasa njinga kuyambira ndili mwana, ndipo ndikuti ayi. Kumanzere kunali ine, kumbuyo kunali anzake. Mwandifunsanso ngati iye anaona masamba. Zimenezo mumufunse mwini wake. Chimene ndikudziwa n'choti pa anyamata onse aja palibe ndi mmodzi yemwe anachepetsa liwiro chifukwa cha masambawo, ndipo sindikuwanena. Palibe anawauza kuti pa mpikisano amatsika, monganso ife palibe anatiuza kuti anasiya kutsika.

Atatu aja anadzuka n'kukweranso njinga. Jackson anadzuka dzanja lamanja likulendewera, sanayang'ane n'komwe njinga yake. Anakwawira pamene panali alamu, navula malaya ake ndi dzanja limodzi, nawatsamiritsa kumutu. Ankangobwereza kuti, "Mwaimiranji, agogo? Mwaimiranji?" Alamu maso anali otsegula koma sanayankhe. Magazi ankatuluka m'khutu. Chisoti chinali chidakali m'manja mwawo, ndinachita kuwatsegula zala.

Anthu a pamaliro paja anathamangira kumsewu. Mayi wina anavula chitenje n'kuwaphimba dzuwa. Bambo wina anaimitsa shapa yochokera ku Cuamba, anthu anatsika kutipatsa malo. Tinawanyamula ine, bamboyo, ndi Jackson ndi dzanja lake limodzi lija. M'shapamo ine ndinagwira miyendo, Jackson anagwira mutu. Tisanafike ku Lissiete, kufupi ndi kuno, ndinaona kuti asiya kupuma. Ndinangoyang'ana panja, ndikuona anyamata aja tikuwadutsa mmodzimmodzi. Sindinalire, mpaka pano sindinalire. M'mutu muli zii, ngati ndamwa mankhwala a malungo.

Shapa inadutsa pothera mpikisano pomwe, anthu akuomba m'manja kudikira wopambana. Ivone ndinamuona ataima kutsogolo ndi chigubu cha thobwa. Iye sanatione. Ku chipatala anangotsimikiza zimene ndinkadziwa kale. Ndinatuma munthu wa mota kukatenga Ivone.

Atafika, anapeza Jackson atakhala pakhonde wopanda malaya, magazi a amuna ake ali pachifuwa. Anamuzindikira. Anamuloza nati, "Ndi uyu. Ananena yekha kuti awaponda." Madzulo omwewo anabwera kuno kudzadandaula, ndipo inu munakamutenga Jackson ku chipatala atangomumanga phewa. Ine ndinali pomwepo, ndinaona zonse, koma ndinamuleka kuti apite. Ndinkaganiza za bokosi, za galimoto, za kuuza ana.

Lamulungu tinapita ndi thupi ku Massangulo. Masana ndinaitanira Ivone kuseri kwa nyumba n'kumufotokozera zonse monga ndakufotokozerani inu, za masamba, za chisoti. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Ndiye mukuti anadzipha okha, achimwene?" Ndinati ayi, ndikuti analemekeza maliro a eni ake. Iye anati, "Chisoti ndinagula ine kuti abwere wamoyo. Inu munali pambali pawo, mwabwera opanda ndi chilonda chomwe. Lero mukufuna ndikhale wopanda mwamuna, wopandanso womuloza chala?" Pomaliza anati, "Mukapita ku polisi kukatulutsa mnyamata uja, pakhomo pano musadzapondenso. Ngakhale kumanda musabwere." Ivone ndimamudziwa, ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Sanena chinthu kawiri.

Dzulo lomwelo mphunzitsi wina wochokera kuno anatiuza pamaliro kuti Jackson mumutumiza ku ndende ya ku Lichinga lero masana, akadikire mlandu kumeneko. N'chifukwa chake sindinadikire kuti tiike kaye. Ndadzuka m'mawa anthu akutunga madzi, ndakwera shapa yoyamba. Palibe amene ndatsanzika.

Alamu anga anali munthu wabwino, ndipo anaima pakati pa msewu. Zonse ziwiri ndi zoona, mulembe zonse ziwiri. Jackson sanawagunde dala. Ngati pakufunika mboni ina, pitani pamudzi pamene panali maliro paja, anthu onse anaona. Ngati pakufunika kuti ndikanene zimenezi kukhoti pamaso pa mlongo wanga, ndikanena.

Misa yayamba ine ndili m'shapa. Nthawi ino akhala akuwatsitsira m'manda, ndipo dothi langa sindiponya. Mlongo ndili naye mmodzi yekha, shefi. Mutulutseni mnyamatayo, phewa lake latupa.

Zimene ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera zonse, ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Teodoro Chiwaula ____________________