Nyumba ya Fanuwelo Sitinagwetse

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ndinene poyamba, wina asatulutse nthungululu msanga: mlongo wanga Fanuwelo sanapezeke. Ndaona ena munatembenukira kukhomo muja ndimaimirira, kuyesa kuti alowa. Salowa. Koma umboni ndili nawo, mundimvere.

Ambiri mukumudziwa Fanuwelo, telala uja ankakhala pakhonde la sitolo kuno ku Mitundu. Ena mwakhala pano mwavala zosoka iye. Matenda ake anayamba ngati nthabwala. Tsiku lina aphunzitsi ena anabwera kunyumba atanyamula buluku, akuseka, ati taonani ntchito ya mlongo wanu. Miyendo yonse iwiri anali ataisoka kumapeto, kutseka ngati thumba. Tinaseka nawo, abale, tinaseka mpaka misozi. Sitinadziwe kuti mutu wa mwana wathu wayamba kusokonekera.

Kenako anayamba kuyankhula yekha, kuyankha anthu amene ife sitinkawaona. Mkazi wake kuchikamwini kuja anatopa, anamubweza kwathu ndi makina ake omwe. Sindikumunena, anali ndi ana aang'ono. Tinamumangira kanyumba pafupi ndi nyumba ya amayi. Denga anafolera yekha, pakuti masiku ena ankakhala bwinobwino, kulima nafe, kuseka nafe, moti mlendo sakanadziwa kanthu.

Tsiku limene anasowa linali la msika, nthawi yokolola. Ndinamutenga kuti akalandire mankhwala kuchipatala. Pobwerera ndinati ndilowe mumsika ndigule mchere. Pakhomo panali anyamata oyang'ana makadi a chipani. Sindikudandaula za makadi ayi, mundimvetse bwino, ndi lamulo, tonse timagula. Ine langa ndinali nalo. La Fanuwelo linali litatayika monga zimatayikira zinthu za munthu wodwala. Ndiye ndinamukhazika pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, ndinati, "Undidikire pano, usachoke." Anati, "Pitani, alongo, ndili pompano."

Potuluka, pansi pa mtengo panalibe munthu.

Ndinafunsa ogulitsa nzimbe, ndinafunsa okonza njinga. Wina ati analowera njira ya ku Nathenje. Wina ati ayi, ankakangana ndi anthu ena. Nditafunsa kuti anthu ake ati, anayang'ana kumbali, ati sindinaonetsetse.

Kunyumba amalume atamva mawu amenewo anatitsekera pakamwa tonse. Anati, "Pakamwa pa Fanuwelo mumapadziwa. Munthu wodwala sasankha mawu, sasankhanso dzina loti atchule. Ngati pali chimene wanena, ife kupita kukafunsa ndiye kudziitanira moto. Tiyambe takhala chete." Tinakhala chete, abale. Munthu wako wasowa, iwe n'kumasesa pabwalo, n'kumayankha odutsa kuti tadzuka bwino. Pamene tinalimba mtima kukanena kupolisi, mwezi unali utatha, ndipo anatiuza kuti iwo alibe munthu wotere. Anali atangochoka yekha, kapena ayi, sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku amene tikanamupeza pafupi tinawathera m'mantha.

Ndiye kunayamba kuyenda. Mapazi awa ayenda, amayi. Ndinafika ku Likuni kukafunsa kuchipatala. Tinatuma munthu ku Zomba, kuchipatala cha odwala misala, anabwerako chimanjamanja. Ndinayenda m'midzi ya m'mphepete mwa Dzalanyama kufunsa otola nkhuni. Tsiku lina anandiitana kuti mumtsinje mwapezeka mtembo. Ndinapita, ndinavundukula nsalu ndekha. Sanali iye. Ndinakondwa, kenako ndinachita manyazi ndi kukondwa kwangako, chifukwa nayenso anali mlongo wa munthu.

Mvula inabwera, inapita, tinakolola kachiwiri. Amayi anatha thupi. Akamva galu akuuwa ankadzuka kukasuzumira kunjira. Kudya anasiya, ankangonyambita. Mwezi wathawu amalume anatisonkhanitsa. Anati, "Mlongo wangayu atifera m'manja. Kulira kwa mumtima kumapha, bola kulira kwa pabwalo. Mwana uja kulibenso. Tikulunge zovala zake mumphasa, tikaike kumanda, tilire maliro, timete, nyumba yake tigwetse monga mwa mwambo, nkhani ithe." Abusa, ndikudziwa kuti zina mwa izi mpingo sugwirizana nazo, koma ndikunena zimene zinalipo. Amalume sananene mwankhanza ayi, nawonso misozi inali m'maso. Amayi anavomera ndi mutu. Ine ndinali nditatopa, kupemphera komwe kunali kutandikanika. Anasankha Loweruka.

Sabata yomweyo mayi wina amene amagula nyemba kuno kukagulitsa ku Nathenje anandipeza pachitsime. Ati kumeneko kwafika munthu wamisala, wamtali, wakuda, amagona kuseri kwa chigayo, mwina ndi wanu. Mtima unadumpha, abale. Ngakhale wakhumudwa kangati, ukamva zotere mtima umadumphabe. Bambo a kunyumba kwathu ananditenga panjinga m'mamawa.

Tinamupeza atakhala m'mphepete mwa msewu waukulu, atafunda chiguduli, ndevu zili nyankhalala. Ndili patali ndinati ndi iyeyu. Nditafika pafupi anadzutsa nkhope. Sanali Fanuwelo.

Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi n'kuyamba kulira. Munthu uja anandiyang'ana, anati, "Mayi, mukulira chiyani? Akumenyani?" Tamvani, wodwala kufunsa ine wabwinobwino. Ndinamugulira mbatata yootcha, ndinamufunsa kwawo. Anatchula mudzi, ndipo mudzi wake ndinkaudziwa, ndinali nditadutsamo muja ndinkafunafuna ku Dzalanyama. Anthu apachigayo anati dzina limenelo amalitchula tsiku ndi tsiku, koma ndani angamvere za wamisala. Ndinayang'ana bambo a kunyumba, iwo anandiyang'ana. Anati, "Tamupeza si wathu, koma ali ndi eni ake." Tinamufunsa ngati akufuna kupita kwawo. Anaimirira n'kupinda chiguduli chake.

Tinagona naye kwathu, bambo anamusambitsa, anamupatsa malaya awo. Kutacha tinanyamuka. Njira yonse ine ndinkangoganiza za chisangalalo chimene tikachipeze, nthungululu, mayi wake kugubuduka pansi. Ndinkachita nsanje ndisanafike n'komwe.

Abale, zimene ndinaona kumeneko sindinazionepo chibadwire. Titangolowa m'mudzi, mayi wina amene ankasinja anataya munsi n'kuthawa. Ana anabalalika. Zitseko zinayamba kutsekeka. Munthu uja sanasamale, ankangoyenda, njira akuidziwa, mpaka anafika pamalo pena n'kuima. Panali mulu wa dothi, pamwamba pake patayanga maungu. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, anati, "Nyumba yanga ili kuti?"

Patapita nthawi kunatuluka mayi wachikulire, anaima patali, manja ali kumsana. Ndinagwada, ndinati, "Amayi, takubweretserani mwana wanu, tamupeza ku Nathenje." Anandiyankha kuti, "Mwana wanga tinamulira. Tinameta. Manda ake ali uko." Ndinati, "Koma si uyu waima apayu?" Anati, "Nkhope ndi yomweyo. Koma ine ndinamuika."

Anali atasowa zaka zambiri, ndiye abale ake anachita zomwe zija ife tinakonzera Loweruka. Mkazi wake anamusudzula, anakwatiwa kwina, ana anapita nawo. Munda anagawana. Tsopano munthu wabwera ndi miyendo yake, koma pokhala palibe. Mlongo wake anabweretsa madzi m'chikho, anaika pansi n'kubwerera chafutambuyo, kuopa kumupatsa m'manja. Iye anatola, anamwa, anati zikomo.

Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka, akuluakulu akukambirana. Potsiriza mayi wake uja anasendera pang'onopang'ono, anamukhudza paphewa ndi chala chimodzi, ngati munthu woyesa ngati chitsulo chazizira. Atamva kuti ndi thupi, anagwa pansi n'kuyamba kubuma. Kaya kunali kulira kwa chimwemwe kaya kwa chiyani, ine sindinathe kusiyanitsa. Anamuyalira m'khitchini. Tinamusiya atakhala pakhomo pa khitchinipo, maso ali pa mulu wa dothi uja.

Tinafika kunyumba Lachisanu. Amalume anali atabwera kale, makasu atatsamiritsa pankhokwe, mphasa yatsopano ili pakhonde. Ndinakhala pansi, ndinawafotokozera zonse monga ndakufotokozerani inu. Amalume anapukusa mutu, anati, "Uja ndi mwayi wa eni ake. Nanga ife tidikira mpaka liti? Mpaka tiike amayi akowa?"

Amayi ndi amene anayankhula, iwo amene masiku onsewa sankatulutsa mawu. Anandifunsa kuti, "Wati nyumba anagwetsa?" Ndinati, "Anagwetsa, amayi." Anati, "Ndiye anafunsa kuti ili kuti?" Ndinati, "Anafunsa." Kenako anatembenukira kwa amalume, anati, "Alongo, makasu anuwo bwererani nawo. Mawa anthu abwere ndithu monga munawauzira, koma abwere ndi udzu ndi luzi. Denga la Fanuwelo lavunda, ndipo mvula ili pafupi."

Amalume sanatsutse. Loweruka anthu amene anaitanidwa kumaliro anafolera nyumba, amalume omwewo ndiwo anakwera pamwamba, ndi ukalamba wawo womwe. Ena ankang'ung'udza kuti banja lonse lapenga. Mwina n'zoona.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Amayi akudyako pang'ono, koma galu akauwa amadzukabe. Ine ndikadutsa pamsika maso anga sakhala pa malonda, amakhala pankhope za anthu amene ena amawalambalala. Kaya Fanuwelo ali moyo, kaya mafupa ake ali m'tchire lina, akudziwa ndi Mulungu yekha. Masiku ena ndimakhulupirira, masiku ena ayi, ndipo mundipempherere pa zimenezo.

Koma ndikuthokoza Mulungu, abale. Ndikuthokoza kuti ndinapita kukafuna wanga, Iye n'kundipatsa wa mnzanga kuti ndimuperekeze. Ndikuthokoza kuti anagwira dzanja lathu khasu lisanalowe m'nthaka. Kondwerani nane, ngakhale ndikuyankhula ndi misozi, kondwerani nane kuti kumanda kwathu kulibe mtumbira wa munthu amene sitinamuone atafa.

Ndipo inu amene mumayenda, a malonda, a mabasi, inu amene ana anu ali m'matauni, mukakumana ndi munthu wamtali woyankhula yekha, musamuthawe. Mumufunse dzina. Akati ndine Fanuwelo wa ku Mitundu, mumuuze kuti kwawo sanamete, nyumba yake ilipo, ndipo siikudontha. Ambuye alemekezeke. Amen.