Tlemcen ya Kuseri kwa Phiri

Pabwalo la ndege la Oujda, Yamna anali pamzere atafungatira bokosi la makeke a chitowe, bambo wina wachikulire ali pambuyo pake.

"Ulendo wa kuti, mwana wanga?"

"Ku Tlemcen, Haji. Mchemwali wanga wachira, ndi mwana wamkazi."

"Tlemcen ya kuseri kwa phiriyi? Ife tinkakadya nkhomaliro kumeneko, tiyi n'kudzamwera kuno."

"Izo zinali kale, malire a dziko lathu ndi lawo asanatsekedwe. Ine ndidzera ku Casablanca, ndikagone ku Tunis, mawa Oran, kenako ndikakwere basi."

"Masiku awiri, ulendo wa ola limodzi. Osangopita pachigwa cha m'malire paja, pomwe abale amakuwirana wina tsidya lino wina tsidya ilo?"

"Ndinapita Lachisanu. Mwanayo anamukweza m'mwamba kuti ndimuone."

"Ndiye unamuona kale."

"Ndinaona kansalu koyera, Haji. Ine ndikufuna ndikamununkhize paliwombo."